Kwa Champiti m'Nyengo ya Chisanu

Amayi anzanga, ngati mudzakhala ndi ulendo wa kwa Champiti m'boma la Ntcheu m'mwezi wa Juni kapena Julayi, musadzanyengedwe ndi dzuŵa la ku Balaka n'kusiya juzi kunyumba. Mseu waukulu wochokera ku Blantyre ukangopitirira pa Chingeni umayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo basi isanafike pa boma mudzaona kuti amene anatsekula mazenera ayamba kutseka mmodzimmodzi. Kumadzulo kwanu kudzakhala mapiri a Kirk Range, amene atsata malire a dziko lathu ndi Mozambique. Dera la Inkosi Champiti lili cha kumwera kwa boma, moyang'anana ndi mapiri ameneŵa. Kuno n'kwa Angoni a kwa Maseko, anthu a Inkosi ya Makosi Gomani.

Nyengo imeneyi n'njokoma kuyendamo. Chimanga chaloŵa m'nkhokwe, ng'ombe zikudya mapesi m'minda, udzu wofolera wayamba kumwetedwa, ndipo kudimba mpiru ndi kabichi zangoti biriŵiri. Koma kuti mudziŵe bwino malo ano, mulaŵirire pa mpopi kusanache kwenikweni. Mudzapeza ndowa zili pa mzere, eni ake atadzikulunga zitenje ziŵiriziŵiri, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi wa fodya. Madzi ake amaluma zala, mwakuti mwana wa sukulu amangosamba kumaso n'kunena kuti watha.

Mlendo akaona zotere amafunsa ngati madzi saundana m'paipi. Kunena zoona, kwa Champiti zimenezi n'zosoŵa. Madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0, ndipo kuno chisanu sichifika pamenepo kaŵirikaŵiri. Koma mukakwera pamwamba pa mapiri, cha ku Tsangano kumene kumachokera mbatata ya kachewere, kapena mukapitirira mpaka ku Dedza, alimi adzakuuzani za zaka zimene chisanu chinaŵaula mbewu za m'dambo usiku umodzi wokha. Dziŵani kuti usiku wa mitambo ndi mvula yowaza ya chiperoni suli woopsa kwenikweni, pakuti mitambo imasunga kufunda kwa nthaka monga chivundikiro pa mphika. Usiku woopsa ndi wa nyenyezi zambiri, wopanda mphepo. Pamenepo mpweya wozizira, popeza n'ngolemera, umatsetsereka m'mapiri n'kukadikha m'zigwa, ndipo chimene chili poyera m'dambo ndicho chimayamba kupsa.

Nanga n'chifukwa chiyani madzi oundana amang'amba paipi? Zinthu zambiri zikazizira zimafota, koma madzi akaundana amafufuma: malita 100 amafuna malo a malita 109. Amene munaiŵalapo botolo lodzaza m'firiji mukudziŵa mathero ake. M'paipi madziwo amasoŵa kothaŵira, motero amakankha khoma lake mpaka ling'aluke. Choipa n'chakuti mng'aluwo suoneka usiku. Umaoneka dzuŵa likakwera, madzi atasungunuka n'kuyamba kuthamanga pabwalo.

Nkhaniyi musaiyese ya kutali, chifukwa kuyambira masiku a Wenela ndi Theba mpaka lero, m'midzi yambiri ya ku Ntcheu simusoŵa nyumba imene ili ndi mwana ku Joni. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo nyengo yake yozizira imagwa m'miyezi yomweyi ya Juni ndi Julayi. Kumeneko usiku wina kuzizira kumatsika kupitirira 0, ndipo pa 10 Julayi 2023 kunagwa ngakhale chipale chofeŵa. Tsono mukamalankhula pa foni ndi mwana wanu wamkazi amene wangopita kumene, mumuuze izi. Paipi iliyonse ya panja aikulunge ndi nsanza kapena bulangete lakutha, pamwamba pake amangepo pulasitiki kuti nsanzazo zisanyowe, pakuti nsanza yonyowa sifunditsa kanthu. Paipi yothirira maluŵa aichotse pa mpopi madzulo. Usiku wozizira kwambiri asiye mpopi ukudontha pang'ono m'ndowa, chifukwa madzi oyenda saundana msanga. Adziŵe pamene pali chotsekera madzi a nyumba yonse tsoka lisanagwe. Ndipo m'maŵa mpopi ukakana kutulutsa madzi, asauyandikize moto: aukulunge ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda, adikire.

Tibwerere kwathu. Madzi a m'mipopi ya m'midzi m'dziko muno ali ndi mbiri yonyaditsa. Ntchito yoyamba inachitika ku Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968: boma linapereka mapaipi, anthu a m'midzi anakumba okha ngalande, ndipo madzi ochokera m'phiri anatsika okha popanda injini. M'boma la Ntcheu ntchito yaikulu ya mtundu umenewu ndi ya damu la Mpira, m'nkhalango ya Mvai, imene inagwiridwa kuyambira 1987 mpaka 1992 kuti ipereke madzi ku mbali zina za Ntcheu ndi Balaka. M'chaka cha 2018 damulo linaphwa, mitengo ya m'mphepete itatha ndi mvula itavuta, ndipo amayi ambiri anabwerera kumitsinje ndi kuzitsime zimene anali ataziiŵala.

Amene anakumba ngalande zija anadziŵa chinthu chimodzi chimene ife tayamba kuchipeputsa: bulangete la paipi ndi dothi. Kuzizira kwa usiku ndi kutentha kwa masana zimangoseŵera pamwamba pa nthaka. Mukakumba kufika m'maondo mudzapeza kuti pansipo sipasintha kwenikweni usana ndi usiku. Paipi yokwiririka bwino siopa chisanu cha ku Tsangano, siopanso dzuŵa la Okutobala. Koma mukamayenda m'tinjira ta kumidzi m'nyengo ino, penyetsetsani pamene paipi yawoloka khwaŵa kapena yadutsa m'mbali mwa munda. Mvula ya chaka chino yakokolola dothi, ndipo apo ndi apo mudzaona msana wa paipi uli pambalambanda.

Paipi yotereyo ili ndi adani ambiri. Dzuŵa limaumitsa pulasitiki pang'onopang'ono, kuzizira kwa m'maŵa kumaichititsa kukhala yosachedwa kusweka, ndipo chiboda cha ng'ombe kapena gudumu la ngolo zimangomaliza ntchito. Ikapulumuka pamenepo, akubwera moto wa anyamata osaka mbeŵa m'Ogasiti ndi Seputembala, kenaka khasu la wogalauza. Ndipo paipi yong'aluka sitaya madzi kokha ayi. Madzi akaleka kuyenda, matope ndi zonyansa zimaloŵa pa mng'alu pomwepo n'kudzatulukira m'ndowa yanu. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chifukwa chake miyezi ino, ntchito ya kumunda itachepa, ndiyo yoyendera paipi. Musayembekezere abambo, pakuti paipi ikasweka amene adzasenze mtsuko kuchokera kumtsinje m'mbandakucha ndinu. Kambiranani ndi a komiti ya mpopi, mudziŵitsenso a mfumu, musankhe tsiku limodzi mutsate mzere wonse muli ndi makasu. Pamene paipi yaonekera, kwirirani ndi dothi lopanda miyala, mupondereze, ndipo mubzalepo udzu wa vetiva kapena kuyala miyala pamwamba kuti madzi a mvula asadzakokololenso. Lambulani udzu wouma pafupi ndi pamene yawoloka khwaŵa moto usanayambe. Pamene paipi yatuluka m'nthaka kukwera ku mpopi, onani ngati simenti yake sinasweke. Ndipo inu a malo okwera, kapena amene mpopi wanu uli m'dambo, ikulungeni ndi chiguduli monga tanenera za ku Joni. Mukapeza pamene pali chinyontho kapena udzu wobiriŵira pakati pa udzu wouma, dziŵani kuti pansipo pakudontha, ndipo mukanene tsiku lomwelo. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Pobwerera kuchokera kwa Champiti musaiŵale kugula kachewere ndi kabichi m'mbali mwa mseu. Koma mukafika kwanu, musanatule n'komwe katundu, tazungulirani kuseri kwa nyumba muone ngati paipi yanu yafunda.