Nambala Yosagawika ya Euler

Ndikamalingalira za 2,147,483,647, nambala imene Leonhard Euler, maso ake atachita kale khungu, anatsimikiza m'chaka cha 1772 kuti palibe ina yoigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe, mtima wanga umazizwa ndithu. Pakutitu kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambalayi imabadwa pochulukitsa ma 2 okwana 31 n'kuchotsapo 1, ndipo 31 ameneyonso sagawika. Taonani, makompyuta akale owerenga masekondi kuyambira 1970 adzafika pa nambala yomweyi pa 19 Januwale 2038, osatha kupitirira. Kodi inu abale odziwa masamu, mkulu ameneyu anaiyesa motani popanda makina?