N'cifukwa Ciani Tikali Ophunzira?

Pali funso limene abale athu satopa kutifunsa: "Kodi sukulu ya udotolo simunatsirize kale? Nanga mukali kuphunzira ciani?" Funsoli n'loyenera, pakuti ambiri a ife tapitirira zaka 30 zakubadwa, tili ndi mabanja, koma usiku umatipeza tikusanthula mabuku monga ana oyembekeza mayeso. Ife tikulemba pano ndife madotolo ophunzira opaleshoni ya njira ya mkodzo pa University Teaching Hospital mu Lusaka. Pa Cingerezi nthambi imeneyi dzina lake ndi urology, ndipo imasamalira impso, cikhodzodzo, njira yotulutsira mkodzo ndi ziwalo zaumuna. Tifuna kuyankha funsolo mosabisa mau, cifukwa yankho lake likhudza atate, amai ndi ana m'nyumba iliyonse.

Tiyambe ndi kuwerenga zaka. Sukulu ya udotolo imatenga zaka 6 kapena 7. Kenaka dotolo watsopano amayamba wagwira nchito moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha, ndipo ambiri timapita kukatumikira m'zipatala za m'maboma. Pambuyo pake m'pamene munthu amabwerera kudzaphunzira nthambi imodzi kwa zaka zina 4 kapena 5. Ena timatsata digiri ya Master of Medicine ya University of Zambia, imene sukulu yake ya udotolo ili ku Ridgeway ndipo inatulutsa madotolo ake oyamba mu 1973. Ena amalemba mayeso a COSECSA, bungwe la madotolo a opaleshoni a maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Zonse pamodzi zimapitirira zaka 12.

Kaphunziridwe kotere kali ndi mbiri yake. Cipatala ca Johns Hopkins ca mumzinda wa Baltimore ku America citatsegulidwa mu 1889, dotolo wa opaleshoni William Halsted anakonza zoti madotolo acinyamata azikhala m'cipatala momwemo kwa zaka zingapo, akumalandira udindo pang'onopang'ono malinga ndi kukhwima kwao. Ndico cifukwa cake ku America ophunzira otere amawati ma resident, ndiko kuti okhala pomwepo. Kuno kwathu amatiti ma registrar. Mmodzi mwa amene anagwira nchito pansi pa Halsted, Hugh Hampton Young, ndiye anatsogolera nyumba yapadera ya matenda a mkodzo imene inatsegulidwa pa cipatalaco mu 1915. Ganizo lao likali lamoyo: buku limaphunzitsa mutu, koma manja amaphunzira pambali pa manja a wamkulu.

Poyamba nchito yathu m'cipinda ca opaleshoni ndi kugwira zitsulo zotsegulira bala kuti dotolo wamkulu aone bwino, kupukuta magazi, ndi kusoka khungu potsiriza. Pakapita miyezi timaloledwa kucita gawo limodzi la opaleshoni, wamkulu ali ciimire pambali. Kenaka magawo awiri. Ndipo tsiku lina nchito yonse. Opaleshoni iliyonse timailemba m'buku limene aphunzitsi athu amasainira. M'mawa timayendera odwala m'mawodi, ndipo nthawi ndi nthawi timakhala pansi tonse kukambirana poyera za odwala amene sanacire monga tinayembekezera, kuti phunziro la mmodzi likhale la onse. Pamwamba pa izi pali kafukufuku woti aliyense alembe, ndi mayeso.

Citsanzo cimodzi cionetse cifukwa cake kufulumira n'koopsa. Mwamuna aliyense ali ndi kaciwalo kochedwa prostate, kukula kwake ngati suku limodzi, kamene kali pansi pa cikhodzodzo ndipo kamazinga njira ya mkodzo. Munthu akamakalamba kamakula, ndipo pofika zaka 60 pafupifupi theka la amuna kamakhala katakula; kwa ena kamafinya njirayo mpaka mkodzo kukanika. Njira imodzi yothandizira ndi kulowetsa kacida kopyapyala, kokhala ndi nyali ndi diso, kudzera m'njira ya mkodzo, n'kupala mnofu wotsekerezawo pang'onopang'ono popanda kuceka pamimba. Koma pafupi pomwepo pali mnofu wina umene umagwira mkodzo kuti usatuluke wokha. Dzanja likapitirira malire, munthu amene anabwera wosakodza angabwerere kwao akudontha mkodzo masiku onse a moyo wake. Kudziwa polekezera kumabwera mwa kuona ndi kucita nthawi zambirimbiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usiku nao ndi mphunzitsi. Amabwera agogo amene sanakodze tsiku lathunthu, mimba itatupa, thukuta lili kamukamu. Tikalowetsa kachubu mkodzo wokwana lita kapena kupitirira umatuluka, ndipo nkhope yao imasintha ife tikuona. Amabwera mnyamata womva ululu wadzidzidzi kumaliseche cifukwa cimodzi mwa ziwalo zake zopanga mbeu capotokola mtsempha wake. Ngati sacitidwa opaleshoni m'maola ngati 6, ciwaloco cingafe. Amabwera wocita ngozi ya pamseu amene mafupa a m'ciuno athyoka n'kudula njira ya mkodzo. Amabweranso khanda lacimuna lobadwa ndi kanembanemba kotsekereza mkodzo, kamene kakapanda kucotsedwa msanga kamaononga impso. Aliyense wa amenewa afuna cosankha cosiyana, ndipo wophunzira ayenera kudziwanso nthawi yodzutsa wamkulu.

Komabe phunziro lovuta koposa ndi la ulemu. Nchito yathu ili pa ziwalo zimene mwambo wathu umaphimba, ndipo mwambowo timaulemekeza pakuti tinakulira momwemo. Kawirikawiri timamva mau akuti: "Adotolo, inu ndinu msinkhu wa ana anga, ndivula bwanji pamaso panu?" Ena mwa ife ndi akazi, ndipo pamenepo manyazi amakula. Aphunzitsi athu amationetsa kuyamba ndi moni, kukhala pansi m'malo moima, kutseka citseko, kufotokoza cimene tifuna kucita tisanagwire munthu, ndi kuvula malo okhawo ofunika kupima. Timati: "Atate, tiloleni tikupimeni. Zimene tione pano zitsala muno." Mau ameneŵa n'ngapafupi, koma kuwanena kotero kuti nkhalamba ikukhulupirire kumafuna zaka. Munthu amene sakukhulupirira amakuuza theka la matenda ake, ndipo theka lobisikalo ndilo limapha.

Apa m'pamene nkhani yathu ikukhudzani inu owerenga. Luso lonse limene tikusonkhanitsa limacepa mphamvu wodwala akafika mocedwa, ndipo cimene cimacedwetsa ambiri ndi manyazi. Mkodzo ukakhala wotsekerezeka kwa miyezi yambiri umabwerera m'mbuyo n'kufooketsa impso, ndipo impso zikafa opaleshoni ya prostate siziukitsa. Khansa ya prostate ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna m'Zambia. Ikapezeka msanga pali zambiri zimene tingacite pamodzi ndi anzathu a ku Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007, koma ambiri amafika itafalikira kale m'mafupa. M'midzi ina mnyamata akakodza magazi anthu amati wakula, pamene ndi likodzo locokera m'madzi a m'madambo ndi m'mitsinje. Mapiritsi a praziquantel amaliciza, koma likasiyidwa kwa zaka zambiri lingabale khansa ya cikhodzodzo. Cinzonono cosacizidwa bwino cimasiya cipsera cimene cimacepetsa njira ya mkodzo patapita zaka. Ndipo pali amai amene anavutika masiku pobereka nabooka cikhodzodzo, amene amadzibisa m'nyumba cifukwa ca fungo, osadziwa kuti bala lotere limasokedwa pa zipatala monga Monze Mission ndi St Francis ku Katete.

Tsono tikupempha zinthu zitatu. Coyamba, amai ndi ana, khalani maso. Mukaona atate akudzuka kangapo usiku kukakodza, akukhalitsa kucimbudzi, mkodzo ukutuluka modukizaduka kapena uli ndi magazi, musati ndi ukalamba cabe. Lankhulani nao mwaulemu, kapena pemphani mbale wao wamwamuna awaperekeze ku cipatala capafupi, kumene adzawapima ndi kuwatumiza patsogolo ngati kufunika. Mwana wamwamuna akalira ndi ululu wadzidzidzi kumaliseche, musadikire kuti kuce.

Caciwiri, mukagonekedwa pa cipatala cophunzitsira ndipo mwaona dotolo wacinyamata pambali pa wamkulu, musaope. Muli ndi ufulu wofunsa amene adzakucitani opaleshoni ndi amene adzayang'anira, ndipo muyenera kuyankhidwa momveka. Mukatilola kuphunzira pa inu, mumakhala aphunzitsi athu, ndipo mumathandiza odwala a ku Lundazi, Petauke kapena Mongu amene ena a ife tidzawatumikira tikatsiriza.

Cacitatu n'ca mabanja amene ali ndi mwana, mwamuna kapena mkazi pa maphunziro otere. Amasowa pa maukwati, amafika mocedwa pa maliro, ndipo nthawi zina amagona pampando cakudya cili patsogolo. Akazi athu, amuna athu ndi makolo athu amasenza gawo lalikulu la katundu ameneyu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tikuwathokoza, ndipo tikupempha kuti apitirize kutipirira. Madotolo a nthambi imeneyi akali ocepa m'dziko lathu, ndipo aliyense wotsiriza bwino amafupikitsa ulendo wa nkhalamba ina imene ikanakwera basi ya ku Lusaka ili ndi kachubu m'thupi.