Msuzi wa usipa ndi kondowole pa 1 Januwale

Kanyumba kanga kophikiramo kali chakumtunda pang'ono kuchokera pa jeti ya Nkhata Bay, pafupi mwakuti Ilala ikaliza hutala, mbale za pa thandala zimachita kunjenjemera. Ndimaphikira anthu a m'sitima, a ku Likoma, ku Chizumulu, ku Usisya ndi ku Ruarwe, amene amatsika ndi njala ya usiku wonse. Ambiri safunsa kuti kuli chiyani. Amangoti, "Amama, kondowole ndi batala," n'kukhala pansi.

Kondowole amene ndimapakula pa 1 Januwale amakhala atayamba ulendo wake Disembala asanafike pakati. Chinangwa chowawa, monga Gomani, sichidyedwa chongozulidwa kumene. Chili ndi ululu woti chikhoza kugwetsa munthu, ndipo mankhwala ake ndi madzi basi. Ndimachisenda, n'kuchiviika m'diramu masiku anayi kapena asanu, malinga ndi kutentha. Sindiwerenga masiku okha, ndimapisa dzanja. Chikapsa m'madzimo chimafewa ngati nthochi, mtsitsi wa pakati umasololoka wokha, pamwamba pamabwera thovu ndi fungo lowawasa limene alendo amatseka nalo mphuno. Ine fungo limenelo ndi limene limandiuza kuti ndikhoza kudyetsa mwana wa munthu mopanda mantha. Pamenepo ndimachivuula, kuchitsuka, kuchifinya ndi kuchiyanika.

Vuto lili pa kuyanikapo. Disembala kuno ndi mvula, ndipo mvula ya ku Nkhata Bay siuza munthu. Uyanika m'mawa dzuwa likuswa mtengo, pofika masana mtambo watsika kuchokera ku mapiri, iwe uli kalikiliki kuanula. Chinangwa chikagona chonyowa masiku awiri chimachita nkhungu, ufa umada, nsima imanunkha chinyontho. Ena amachiumitsa pamwamba pa moto, koma utsi umalowerera mpaka mu mtanda. N'chifukwa chake ufa wa chikondwerero ndimaukonzeratu, ndisinje, ndisefe kawiri, nditsekere m'ndowa youma.

Kwa zaka zambiri ufa umenewu sindinkaukhudza pa tsiku la Chaka Chatsopano. Tsiku limenelo ndi la mpunga ndi nkhuku, aliyense amadziwa. Amene abwera kuchokera ku Joni amafuna kuonetsa kuti chaka chawayendera, ndiye amagula mpunga wa Kilombero kapena wa ku Limphasa, mafuta, Fanta wa ana. Kondowole ndi wa masiku wamba, wodya munthu akuchokera ku nyanja. Nanenso ndinkaganiza choncho, mpaka chaka chimene kunabwera mtsikana wina wa ku Japan.

Anali mmodzi mwa achinyamata ongodzipereka amene dziko lawo lakhala likutumiza kuno kuyambira mu 1971. Ankadya kwa ine pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kondowole sanamuope ngati alendo ena. Tsiku loyamba anamata mtanda, n'kuukoka, n'kuona mmene ukutamukira, kenaka maso ake anadzaza misozi. Ndinkayesa tsabola. Anati, "Amama, ichi chikufanana ndi cha kwathu."

Madzulo a pa 31 Disembala anafika ndi kathumba kamene makolo ake anamutumizira. Munali timabuledi toyera, tolimba ngati sopo, ndi kachitini ka phala lokhuthala la mtundu wa chiponde. Toyerato anati ndi mochi, phalalo ndi miso. Anapempha mbaula yanga kuti m'mawa aphike ozoni, msuzi umene kwawo banja limadya m'mawa wa tsiku loyamba la chaka.

Mochi ndi mpunga, koma si mpunga wathuwu. Ndi mtundu womata, umene amauphika ndi nthunzi n'kuusinja uli wotentha mu mtondo mpaka njere zonse zitasowa. Amasinja awiri: wina amenya, wina atembenuza ndi dzanja lonyowa munsi usanatsikenso. Nditamva zimenezo ndinakumbukira mmene tinkasinjira awiri mtondo umodzi ndi mkulu wanga, wina akakweza wina atsitsa, nyimbo ili pakamwa kuti minsi isagundane. Miso nayo ndi soya wophika, wosakaniza ndi mchere ndi mpunga umene wameretsedwa nkhungu yabwino yotchedwa koji, n'kusungidwa mpaka utasasa. Ina imatha milungu yochepa, ina imapitirira chaka. Ndinanunkhiza chitinicho ndipo mphuno yanga inalizindikira fungolo, linali pachibale ndi la m'diramu yanga.

Anandiuza kuti ozoni si mmodzi. Cha ku Tokyo msuzi wake ndi woyera mbee, wopanda miso, ndipo mochi ndi wa ngodya zinayi, wowotcha. Cha ku Kyoto amathira miso yoyera yotsekemerera, mochi ndi wobulungira, wophika m'madzi, pamodzi ndi koko, karoti ndi muzu wina woyera wotchedwa daikon, zonse zodula mozungulira kuti chaka chiyende mopanda ngodya. Iye kwawo kunali kwa miso. Madzi a msuziwo amawakometsa ndi ndere za m'nyanja ya mchere ndi nsomba youma yopala, koma madera ena amagwiritsa ntchito tinsomba tating'ono touma. Apa m'pamene ndinatsegula dengu langa la usipa. Anatola kamodzi, kukanunkhiza, n'kugwedeza mutu kuti ndi komweko.

Chimene ndinaphunzira usiku umenewo ndimachichitabe. Usipa wouma, wowala bwino, osati wofiirira umene mafuta ake ayamba kuwawa, umauchotsa mitu ndi matumbo kamodzikamodzi. Ndi ntchito yotopetsa zala, koma kuwawa konse kumakhala m'menemo. Ukatero umauviika m'madzi ozizira usiku wonse. M'mawa uike pa moto wochepa, madzi azingonyevuka osabwadamuka, uziyengula thovu, pakatha mphindi ngati khumi usefe. Palibe mafuta, palibe tomato, palibe anyezi wokazinga. Ine amene ndakulira pa usipa ndinali ndisanamvepo kukoma kwa usipa pawokha, wopanda chouphimba. Madziwo anali oyera ngati tiyi wosalowa masamba, koma ukamwa, nyanja yonse ili pa lilime.

Pa miso ndinalakwitsa ndine. Iye atatuluka kukasamba m'manja, ndinaona kuti moto wafooka, ndinawonjezera makala n'kukupiza, poto n'kuyamba kubwata. Kwathu msuzi wosabwata ndi wosapsa. Atabwera anangoti, "Aa, Amama!" n'kuphula msanga. Miso sabwatitsa. Amaisungunula m'chipande ndi timadzi ta mu poto momwemo, moto utachepa, pomalizira penipeni, chifukwa ikabwata fungo lake limathawa, pamatsala mchere. Tinadya wotero, ndipo sanadandaule, koma ine zinandikhala pamtima.

Chaka chotsatira phukusi linafika ndi miso yokha. Tinayesa kusinja mpunga wa ku Limphasa. Tinasinja mpaka mapewa kuwawa, koma chinatuluka ndi phala lomata m'manja, losatamuka, ndipo mu msuzi linangosungunuka. Mpunga wathu ndi wonunkhira, woyoyoka, sunalengedwere ntchito imeneyo. Tili chikhalire kuyang'ana mtondo, iye analoza ndowa ya ufa ija.

Kondowole saphika ngati nsima ya mgaiwa, yoyamba ndi phala. Madzi abwate kwambiri, uchepetseko ena pambali, uthire ufa wambiri nthawi imodzi, uphule poto, umupane ndi mapazi pansi, ndiye uvundule ndi mthiko wolimba. Apa m'pofunika mphamvu. Nsimayo imagwira mthiko ngati ikukana, iwe uzikoka ndi kupinda, kukoka ndi kupinda, mpaka kuyera kwa ufa kuthe, isanduke yotuwira, yonyezimira, yosalala. Ukazengereza pang'ono madzi azizira, mkati mutsala timibulu ta ufa wosapsa, ndipo palibe chokonza. Mthiko wopepuka umathyoka. Wanga ndauona ukupindika kangapo koma ulipobe.

Tinanyowetsa manja, n'kuumba timibulu tating'ono ngati dzira la nkhunda, kutiika m'mbale, n'kuthira pamwamba msuzi wotentha wa usipa ndi miso, koko wofewa ndi karoti. Osatiphikira mu poto, timasungunuka n'kudetsa msuzi. Kukula kwa timibuluto ndimakusamala kwambiri, chifukwa anandiuza kuti ku Japan chaka chilichonse okalamba ena amatsamwa ndi mochi pa nyengo imeneyi, ena mpaka kumwalira. Kondowole ife timameza osatafuna, ndiye wa agogo ndi wa ana ndimachepetsa kawiri.

Anadya mwakachetechete, mbale ili m'manja awiri. Kunja atsikana a chilimika anali atayamba kudutsa, atavala zofanana, mipango ili m'manja, ng'oma ikuwatsata kulowera kumsika. Chilimika m'Chitonga ndi chaka, ndipo gule ameneyu ndi wa masiku omwewa. Ndinamuyang'ana mlendo wanga ndi kuganiza kuti kwawo, dziko la magalimoto onse amene amadzaza pa depoti yathu, chakudya chomata chosinja mu mtondo ndicho amachiika patsogolo pa tsiku lalikulu la chaka, pamene ine changa ndinkachibisa kuseri kwa chitseko. Zinandichititsa manyazi, ndipo manyaziwo anali oyenera.

Iye anabwerera kwawo zaka zake ziwiri zitatha. Miso ndilibe, ndipo sindinamizira kuti chimene ndimaphika ndi ozoni. Msuzi wa usipa uja ndimaukoleretsa ndi mchere ndi kansinjiro pang'ono kuti ukhuthale, ndi kuponyamo chigwada chimene ndachisinja ndi kuchiphika pachokha nthawi yaitali. Mpunga ndi nkhuku ndimaphikabe masana, anthu amazifuna. Koma m'mawa, asodzi akamakocheza mabwato ndi nyali zawo zitazima, mbale yoyamba imene imatuluka m'khitchini mwanga ndi imeneyi. Chaka chatha bambo wina wachikulire wa ku Chizumulu, amene ankadikira sitima, anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali, n'kufunsa kuti ndani anandiphunzitsa kumiza kondowole m'madzi. Ndinamuuza kuti alawe kaye. Anamaliza, anapukuta pakamwa, n'kukankhira mbale kwa ine.

"Amama, muonjezereko timibulu tiwiri."