Mthunzi Ukufika Mochedwa ku Soweto

Munthu wochokera kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg kulowera ku Soweto amaona mitengo ikucheperachepera. Ku Saxonwold ndi ku Parkview misewu imadutsa pansi pa mitengo ikuluikulu ya jakaranda. Akapitirira milu ya dothi lochokera m'migodi ya golide, imene fumbi lake limauluka m'nyengo ya mphepo, amapeza dzuwa likuswa madenga popanda chotchinga.

Kusiyana kumeneku anakupanga ndi anthu. Mzindawu unayamba m'chaka cha 1886 pamalo amene panali udzu wokhawokha, ndipo mitengo yake yambiri inachita kubzalidwa, ina pofuna mizati yochirikizira migodi. Boma la tsankho linakankhira anthu akuda kumalokeshoni, kutali ndi mthunziwo. Lamulo la m'chaka cha 1953 linagawa mapaki, mabenchi ndi malo ena opumulira potengera khungu la munthu, ndipo linathetsedwa mu 1990.

Panali malo amodzi otchuka amene lamuloli silinawatseke. Malo a Zoo Lake anaperekedwa kwa mzindawu mu 1904 pa pangano lakuti akhale a anthu a mitundu yonse. Koma kuti banja la ku Soweto likafikeko, pankafunika ndalama za ulendo ndi tsiku lathunthu. Chipata chinali chotsekula, mtunda ndiwo unkaletsa.

N'chifukwa chake paki ya Thokoza, m'dera la Rockville, ili ndi tanthauzo lalikulu. Ili pafupi ndi tchalitchi cha Regina Mundi, mmene ana a sukulu anathawira zipolopolo za apolisi mu 1976. Damu la Moroka limene lili pomwepo linali litadzaza ndi matope ndi zinyalala mpaka pamene khonsolo inalikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Pamalopa panabwera kapinga, tinjira toyendamo ndi zoseweretsa ana. Kumapeto kwa sabata mabanja amayala nsalu pa udzu, ena akuwotcha nyama, ndipo ambiri amafikapo wapansi.

M'chaka cha 2006 khonsolo, motsogozedwa ndi meya Amos Masondo, inakhazikitsa ndondomeko yobzala mitengo 200,000 usanafike mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010. Mu 2008 malo ongokhala ku Diepkloof anasandutsidwa paki m'maola 24 okha. Komabe kubzala ndi ntchito ya tsiku limodzi, pamene kusamalira ndi kwa zaka. Mtengo wobzalidwa pamwambo umauma ngati palibe wouthirira, ndipo paki yopanda magetsi kapena mlonda amayi ndi atsikana amaiopa dzuwa likangolowa.

Mizinda ina ya m'chigawo chino inamangidwanso mosiyanitsa anthu m'nthawi ya atsamunda. Ku Ndirande, ku Kanyama ndi ku Mbare anthu ndi othithikana, pamene mayadi a mitengo ali kwina. Ogwira ntchito za chitukuko m'madera otere angayambe ndi kulemba malo onse amene sanamangidwepo: bwalo la mpira, m'mbali mwa mtsinje, kachigwa kotayako zinyalala. Kenaka apemphe khonsolo iwateteze pa mapu asanagawidwe mapuloti, ndipo anthu oyandikana nawo asankhe komiti yowasamalira. Alimi amene ali ndi nazale angapereke mbande ndi luso la kuzilera. Pamalo pakangoima nyumba, ana a m'deralo amatsala ndi msewu wa galimoto kukhala bwalo lawo losewerera.