Kalata kwa mphwanga: mbiri ya "wot" ndi "wist"

Mphwanga wokondedwa,

Funso lako lija ndalilandira. Ukuti powerenga Baibulo la Chingerezi la King James wapeza liwu loti "wist" pa Luka 2:49, ndipo mnzako wakuuza kuti osindikiza analakwitsa, ankafuna kulemba "wish". Mnzakoyo umuuze kuti palibe analakwa. Liwulo ndi mneni weniweni, wamkulu kuposa Baibulolo ndi zaka mazanamazana, ndipo amanena za kudziwa. Pavesi limenelo Yesu, ali ndi zaka 12, akufunsa makolo ake amene amupeza m'kachisi ngati sankadziwa chimene chinamusunga kumeneko.

Mneniyu m'madikishonale umupeza pa "wit". M'Chingerezi cha nthawi ya Mfumu Alfred, amene anamwalira mu 899, anali "witan". Ponena kuti ndikudziwa ankati "ic wat", ukudziwa "thu wast", akudziwa "he wat", tikudziwa "we witon", ndipo zakale zinali "wiste". Pofika masiku a Geoffrey Chaucer, mlembi wa The Canterbury Tales amene anamwalira mu 1400, "a" wokoka uja anali atasanduka "o", monga momwe "stan" anasandukira "stone" ndi "ham" kukhala "home". N'chifukwa chake Chaucer amalemba "I woot", "thou woost", "he woot". Kenaka "o" uja anafupika, n'kutsala "wot". Kumpoto ku Scotland kusinthaku sikunafike, ndipo "wat" anakhalabe m'nyimbo ndi m'ndakatulo za kumeneko.

Tsono yang'anitsitsa "he wot". Ukukumbukira momwe aphunzitsi ankatikalipira tikaiwala "s" pa "he knows" kapena "she goes"? Apa "s" palibe, ndipo ngakhale "th" wa kale uja, wa "knoweth", palibe. Ine ndi iye tonse tikugwiritsa ntchito liwu limodzi: "I wot", "he wot". Aphunzitsi omwewo anatiuzanso kuti "he cans" ndi "he shalls" n'kulakwa, koma chifukwa chake sanatiuze, anangoti tiloweze. Chifukwa chake ndi chomwechi cha "wot". Aneni amenewa, "can", "shall", "may" ndi "wot", ndi a banja limodzi, ndipo maonekedwe awo a nthawi ino anali maonekedwe a nthawi yapita kalekale. Mneni wa Chingerezi akakhala m'nthawi yapita satenga "s": timati "I sang", "he sang". Anzathu awa anasintha tanthauzo n'kuyamba kunena za tsopano, koma malamulo a nthawi yapita sanawataye.

Ophunzira ambiri a ku England izi zimawazunguza mutu, koma iwe ndi ine siziyenera kutivuta, chifukwa timachita zomwezo tsiku ndi tsiku. Ukati "ndatopa", "ndakhuta", "agogo akalamba", "nsima yapsa", mneniyo ali ndi "a" wosonyeza chinthu chomwe chachitika kale, koma iwe ukunena za mmene zilili panopa. Kutopako kunayamba m'mbuyomu, ndipo zotsatira zake uli nazo. "Wot" ndi wotero. Tsinde lake lakale kwambiri, lomwe akatswiri a zinenero amalilemba kuti "weid", linkatanthauza kuona. Choncho "wat" poyamba anali "ndaona", ndipo amene waona, akudziwa. Tsinde lomweli ndi limene linapatsa Chilatini "videre", kumene kunachokera vidiyo imene umaonera pa foni yakoyo. Chigiriki chili ndi "oida", ndikudziwa, nayenso wooneka ngati wakale koma wonena za tsopano. Ndipo ku India mabuku opatulika otchedwa Veda dzina lawo limatanthauza chidziwitso. M'Chijeremani mneniyu akali wamoyo mpaka lero, ndipo khalidwe lake silinasinthe: "ich weiss", "er weiss", "wir wissen".

Popeza nthawi yapita inali italandidwa ndi tanthauzo la tsopano, panafunika kupanga ina yatsopano. Anatenga tsinde n'kuphatikizako "te", n'kukhala "wiste", pambuyo pake "wist". Umu ndi mmenenso "could", "should" ndi "might" anabadwira. Analinso ndi njira yokanira imene ine ndimaikonda kwambiri: ankamata "ne" kutsogolo, "w" n'kumezedwa. Sindikudziwa anali "nat", kwa Chaucer "noot", ndipo sindinadziwe anali "niste".

Nanga mneniyu anaferanji m'Chingerezi? Chingerezi chakale chinali ndi aneni atatu a kudziwa. "Witan" anali wa kudziwa nkhani kapena choonadi, "cnawan" wa kuzindikira munthu kapena chinthu, "cunnan" wa kudziwa kachitidwe ka chinthu. Chijeremani ndi Chifalansa zimasiyanitsabe kudziwa nkhani ndi kudziwa munthu. M'Chingerezi "cunnan" anasanduka "can", n'kupeza ntchito yothandiza aneni ena, ndipo ntchitoyo inamupulumutsa. "Cnawan", amene ndi "know" wa lero, anakula n'kulowa m'munda wa mnzake. "Wit" anatsala opanda ntchito yakeyake, ndipo anthu atayamba kumugwiritsa ntchito mwa apo ndi apo anaiwala malamulo ake. Umboni uli m'mabuku. Pa Genesis 39:8 Baibulo la King James lili ndi "wotteth". William Shakespeare mu Henry V analemba "wots", ndipo mu The Winter's Tale analemba "wotting". Onsewa ndi maonekedwe omwe Chaucer sakanawafuna: anthu anayamba kumuona "wot" ngati mneni wamba n'kumamuveka zimene sizinali zake.

Za Baibulolo ndikufuna uzimvetse bwino. Linatuluka mu 1611, koma chinenero chake chinali chachikale ngakhale kwa anthu a nthawiyo, chifukwa omasulira anatsamira kwambiri pa ntchito ya William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa mu 1526. "Wist" anadzera njira imeneyo. Ukamufufuza uona chinthu chodabwitsa: pafupifupi paliponse pamene ali, ali ndi "not" pambali pake. Pa Eksodo 16:15 Aisraeli sakudziwa chimene chagwa pansi m'chipululu. Pa Eksodo 34:29 Mose akutsika m'phiri osadziwa kuti nkhope yake ikuwala. Pa Marko 9:6 Petro sakudziwa chonena. Pa Machitidwe 12:9 Petro yemweyo akutuluka m'ndende osadziwa kuti zimene zikumuchitikirazo ndi zenizeni. Ndime imene imandigwira mtima kuposa zonse ndi Oweruza 16:20, pamene Samsoni akudzuka atametedwa, akuganiza kuti achita monga mwa masiku onse, osadziwa kuti Yehova wamuchokera. Ukaiwerenga mokweza umva kuti kaliwu kafupi, kothera pa "st" ngati mpweya wodulidwa, kakugwira ntchito imene "did not know" saigwira mofanana. Mabaibulo atsopano anachita bwino kuika "know", pakuti Baibulo liyenera kumveka kwa aliyense, koma pa vesi limeneli ine ndimabwererabe ku lakale. Ngakhale m'Chingerezi cha lero mneni wa kudziwayu watsala kwambiri m'mawu a kusadziwa: "unwitting" ndi "unwittingly" umawamva m'nyuzi kawirikawiri, pamene "witting" ndi wosowa.

Alakatuli ndiwo anamusunga nthawi yaitali, ndipo apa m'pofunika kusamala. Edmund Spenser, mu The Faerie Queene imene gawo lake loyamba linatuluka mu 1590, anadzaza dala mawu akale, kuphatikizapo "weet" ndi "wote", kuti ndakatuloyo imveke ngati ya makolo. Ben Jonson anamudzudzula kuti pofuna kutsanzira akale analemba chinenero chimene palibe ankachiyankhula. Samuel Taylor Coleridge anaika "wist" mu The Rime of the Ancient Mariner ya 1798, ndipo m'kamwa mwa nkhalamba ya panyanja ija liwulo likukhala bwino. Koma panalowanso chisokonezo. Kunali muonjezi wakale, "iwis", wotanthauza ndithu. Alembi ena ataona "i" kutsogoloko anamuyesa mlowam'malo, n'kumalemba "I wis" ngati kuti kuli mneni "wis" amene nthawi yake yapita ndi "wist". Mneni woteroyo kunalibe. Anabadwa chifukwa cha kuwerenga molakwa. Pofika zaka za m'ma 1800, "wot" anali atasanduka chokongoletsera. Thomas Edward Brown, mlakatuli wa ku Isle of Man, anamuika m'kandakatulo kake kotamanda dimba la maluwa, ndipo kuchokera pamenepo Chingerezi chinapeza liwu loti "godwottery", lonyoza kalembedwe kodzikometsera ndi mawu akale. Ine ndimagwirizana ndi onyozawo. Tyndale ankalemba "wist" chifukwa ndilo linali liwu lapafupi loti mlimi alimve. Wolemba "wot" lero nthawi zambiri amafuna kuti timuone kuti anawerenga.

Malo amodzi amene mneniyu akugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku ndi kukhoti. Ukadzaona chikalata cha mlandu cholembedwa m'Chingerezi, ngakhale kuno kwathu kumene malamulo ambiri tinatengera ku England, udzapeza "to wit" pakati pa mlandu ndi tsatanetsatane wake: munthu anapezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ngwakuba, "to wit", njinga imodzi ndi wailesi. Ndi chidule cha mawu akale oti "that is to wit", ndiye kuti, pofuna kuti mudziwe chenicheni ndi ichi. M'chipinda chomwecho muli "witness", wochokera ku tsinde lomwelo, monganso mboni yathu ili pachibale ndi kuona.

Pa mayeso akakupatsa ndime yakale, "wot" umuwerenge ngati "know" kapena "knows", "wist" ngati "knew", "wottest" ndi "wost" ngati wa "thou". "I wis" umuwerenge ngati ndithu. Pa 2 Akorinto 8:1 upeza "wit" ali ndi "do" patsogolo pake. Pamenepo Paulo akuti tikukudziwitsani, ndipo ambiri amaphonya chifukwa "do" nayenso pamenepo ali ndi tanthauzo lake lakale la kuchititsa.

Amayi akuti uwaimbire Lamulungu madzulo. Alamu ako ndi ana akupereka moni.

Ndine mkulu wako.