Malipiro a ogwira ntchito m'zipata

Tikamadandaula za ziphuphu pa zipata za m'malire ngati Mwanza, Dedza kapena Songwe, tiziganiziranso moyo wa ogwira ntchito kumeneko. Kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu n'kukwera mtengo. Wa kasitomu amawerengera msonkho wa katundu wa mamiliyoni, chonsecho mwina banja lake lili kutali, tchuthi chikuvuta kupeza, ndipo wakhala zaka zambiri pa udindo umodzi. Ena amati kukweza malipiro sikuthetsa dyera. Zoonadi, wakuba alangidwe ndithu. Koma munthu amene akudziwa kuti khama lake limukweza pantchito sangafune kuitaya ntchitoyo chifukwa cha kangachepe. Abale, inu mukuziona bwanji zimenezi?