Kalata kwa mphwanga: za tizombo ta matabwa ndi mtepe wa ku Lamu

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti uli bwino ku Nairobi kumeneko ndi kuti ukalipentala ukukuyendera. Wafunsa ngati n'kwanzeru kuti munthu wamkulu, wodziwa kale kukhoma mipando ndi zitseko, azithera madzulo ake pa tizombo ta matabwa tokhala ndi milongoti ndi matanga, tonga timene umationa pa City Market ndi ku Maasai Market. Wanenanso kuti mtima wako uli pa zombo za HMS Victory ndi Cutty Sark chifukwa mapulani ake savuta kupeza. Ine ndikuti ntchitoyo igwire, koma uyambe wadziwa kulemera kwake. Kachombo kopangidwa motsata muyeso ndi mboni: kamasunga maonekedwe ndi mamangidwe a chombo chenicheni pamene mwini wakeyo anaola kalekale. Mbiri yonse ya luso limeneli ikuloza pamenepo, ndipo ukaimvetsa uona wekha kuti zombo zimene zikudikira manja ako zili pafupi kuposa England.

Luso limeneli ndi lakale zedi. Mu 1920, pafupi ndi Luxor ku Egypt, ofukula zakale otsogozedwa ndi Herbert Winlock anapeza kachipinda kobisika m'manda a nduna yotchedwa Meketre, imene inamwalira zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. M'menemo munali tizombo ta matabwa ta pamtsinje wa Nile, tina topalasa, tina ta thanga, tina ta asodzi akukoka khoka, timalinyero take tili chilili pantchito. Anatiikamo kuti mwini manda aziyendera kutsidya kwa imfa, koma opindula ndife, chifukwa lero munthu amaima ku Cairo kapena ku New York n'kuona ndi maso mmene ankaimikira mlongoti ndi mmene ankagwirira tsigiro. Ku England, kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1600, amisiri a zombo zankhondo ankapanga tizombo tosiya nthiti zam'munsi poyera, kuti wodziwa aone mafupa a chombo. Muyeso wawo wozolowereka unali 1:48, kutanthauza kuti kota ya inchi imaimira futi imodzi, ndipo mu 1716 akuluakulu a zankhondo zapanyanja analamula kuti pulani ya chombo chatsopano izibwera ndi kachombo kake. Ngakhale akaidi achifalansa amene anatsekeredwa ku Britain pakati pa 1793 ndi 1815 ankasema tizombo ndi mafupa otsala pa nyama ya m'mbale zawo, n'kumagulitsa. Wonena kuti izi ndi zidole za ana wayankhidwa pamenepa: nduna, mabwana a nkhondo ndi amalinyero ogwidwa ukaidi sankasewera.

Koma umboni umene ndikufuna uugwiritse uli m'dziko limene ukukhalalo. Kuzilumba za Lamu, makamaka pakati pa Abajuni a pachilumba cha Pate, kunali chombo chotchedwa mtepe, chimene chinalibe msomali ngakhale umodzi. Ankachita kuchisoka. Mmisiri ankapala matabwa a mikoko, mitengo ija yomera m'matope a madzi amchere, n'kuwagundanitsa m'mphepete. Kenako ankaboola timabowo mondondozana mbali zonse ziwiri za mpata, n'kuyala ulusi wa makoko a kokonati pampatapo, n'kudutsitsa chingwe chopota cha makoko omwewo, monga imasokedwera mphasa. Chingwe chikakungika, ankakhomera kachikhomo ka mtengo m'bowo lililonse kuti chisabwerere. Nthiti za chombo ankaziika pambuyo, khungu litaima kale. Thanga lake linali mkeka wa ngodya zinayi, ndipo kutsogolo kunali khosi lalitali lokhota, lojambulidwa maso. Kusoka zombo kunayamba kale pagombe limenelo. Buku lachigiriki la amalonda apanyanja lotchedwa Periplus of the Erythraean Sea, lolembedwa m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, limatchula doko la Rhapta ndi kunena kuti dzinalo linachokera ku ngalawa zosoka. Anthu a Vasco da Gama atafika pachilumba cha Mozambique mu 1498 anaonanso zombo zopanda misomali, za matanga a mikeka.

Usaganize kuti ankasoka chifukwa cha umbuli. Zoona, mtepe unkachucha. Amalinyero ankakhalira kukapa madzi, ndipo zingwe zinkafuna kusokedwanso kawirikawiri. Koma chombo chosoka chimapindika. Madzi akaphwa m'timitsinje ta mikoko, mtepe unkakhala pansi ndi katundu wake osasweka, pamene chombo cha misomali chikadang'aluka. Wolemba mbiri Erik Gilbert anasonyeza mu 1998 kuti n'chifukwa chake mtepe unakhalitsa pamalonda a milimo ya mikoko, imene Aswahili amati boriti, yopita ku Zanzibar kukamangira nyumba. Unkayenda ndi kaskazi ndi kusi, mphepo zimene ife a kunyanja tingazitche mpoto ndi mwera. Komabe pofika zaka za m'ma 1930 unatheratu, malo ake n'kutengedwa ndi jahazi ya misomali ndi thanga la ngodya zitatu. Palibe mtepe wakale umene unatsala wathunthu. Chingwe cha kokonati chikaola matabwa amamwazikana, ena kumoto, ena kudenga la nyumba.

Nanga zonsezi tikuzidziwa bwanji? Pali zithunzi zakale zowerengeka, pali zolemba za alendo, pali zimene akuluakulu ankakumbukira, ndiye pali tizombo. Tizombo ta mtepe todziwika n'towerengeka ndi zala za m'manja: tina tili ku Fort Jesus ku Mombasa, kena ku Lamu Museum, tina ku London, ku Science Museum ndi ku National Maritime Museum. Nyumba ziwiri za ku Kenya zija zili m'manja mwa National Museums of Kenya, bungwe limene likulu lake lili pa Museum Hill, mumzinda wako womwewo. Akatswiri ofufuza za mtepe, monga James Hornell amene analemba za chombochi mu 1941, anafika mtepe utatha kale kapena uli kumapeto, ndipo pofuna kudziwa kasokedwe ndi kaikidwe ka nthiti ankabwerera ku tizombo timeneti. Taganiza: munthu wina anakhala pansi ndi mpeni, kachingwe ndi timatabwa, mwina osadziwa n'komwe kuti akusungira zidzukulu luso la zaka mazanamazana. Mu 2003 ku Zanzibar anamanganso mtepe wotchedwa Shungwaya, mmisiri wake wochokera kuzilumba za Lamu, n'kuuika m'nyumba yotchuka ya Beit al-Ajaib. Pa 25 Disembala 2020 mbali ina ya nyumbayo inagwa. Chinthu chosungidwa pamalo amodzi chili pangozi nthawi zonse, n'chifukwa chake mboni zimafunika zichuluke.

Ena adzakuuza kuti masiku ano kamera ndi kompyuta zakwana. Ndimalemekeza zida zimenezo, uzigwiritsenso ntchito, koma chithunzi chimaonetsa mbali imodzi, ndipo nthawi zambiri chimabisa zam'kati ndi zapansi pa madzi, kumene kwagona nzeru za mmisiri. Kompyuta nayo imalola mzere kukhota mulimonse, pamene thabwa limakana. Ukamasoka kachombo ndi manja, matabwa omwewo amakuuza kuti liti liyambe, liti litsatire, ndi pati pamene chingwe sichingadutse nthiti zitalowa kale. Chitsutso chimene chili ndi mano ndi china: kachombo nakonso kamanama. Wosema ziboliboli zogulitsa kwa alendo amatalikitsa mlongoti kuti kaoneke bwino pashelefu, amasakaniza kutsogolo kwa chombo china ndi kumbuyo kwa china, n'kupaka vanishi wonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale tizombo ta m'nyumba zosungira zakale tinapangidwa ndi manja osiyanasiyana, ndipo sitingafanane m'zonse. Zimenezi ndikuvomera, koma mankhwala ake alipo. Sankha muyeso umodzi ndipo usauphwanye paliponse, komanso pansi pa kachombo ulembe dzina la chombo, muyeso, chaka, kumene watenga miyeso, ndi mbali zimene wachita kuganizira. Mboni yonena poyera kuti apa ndinaona, apa ndinangomva, ndiyo imakhulupirika pabwalo.

Muyeso ndi wouma mtima, udziwiretu. Pa 1:24, thabwa lochindikala masentimita 5 limasanduka la mamilimita 2, ndipo chingwe chonga kachala kako kakanise chimasanduka ulusi wosokera malaya. Kathabwa kotero umakaviika m'madzi otentha, n'kukakhotetsa pang'onopang'ono pa nthiti, n'kukapana mpaka kaume. Ukafulumira kamathyoka, uyambirenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtengo wa mizere ikuluikulu suyenera, chifukwa mzere umene pachitseko ndi wokongola, pakachombo umaoneka ngati mng'alu. Usathamangire phingo kapena muhugu. Kusema kwa Akamba, kumene kunayamba ndi Mutisya Munge ku Wamunyu itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kufalikira mpaka ku Gikomba, kwadyetsa mabanja ambiri, komanso kwachepetsa kwambiri mitengo imeneyi, moti osema akhala akulimbikitsidwa kutembenukira ku jakaranda, mango ndi nimu. Iwe zidutswa zotsala pabenchi yako zikukwanira.

Tsopano ndifike pa chimene chingakuvute mumtima, chifukwa n'choyenera kuvuta Mmalawi aliyense. Zombo za Aswahili ndi Aluya zinanyamula akapolo, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu athu. Ku Nkhotakota, kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, zombo zinkaolotsa anthu ndi minyanga kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wa ku Kilwa unkayambira. Ngakhale chilankhulo chathu chikusunga chibale cha nyanja yathu ndi gombe lija: ife timati chombo, ngalawa, mlongoti, thanga, nangula, iwo amati chombo, ngalawa, mlingoti, tanga, nanga. Kodi kupanga kachombo kotero sikulemekeza chida cha nkhanza? Ndikuti ayi, malinga kanene zoona. Olimbana ndi ukapolo ku Britain anatenga miyeso ya chombo cha ku Liverpool chotchedwa Brookes, n'kujambula anthu opitirira 450 atagonekedwa mothithikana m'mimba mwake, ngakhale chinkanyamulapo oposa 600. Anapanganso kachombo ka matabwa koonetsa zomwezo, ndipo William Wilberforce anakaonetsa kwa aphungu a nyumba ya malamulo. Kachomboko kakusungidwa ku Hull. Malonda a akapolo analetsedwa ku Britain mu 1807 pa zifukwa zambiri, koma kachombo kaja kanachita chimene mawu ankalephera: kanaika nkhanzayo patebulo, munthu n'kuiyeza ndi chala. Chonyoza makolo athu ndi kachombo ka chikumbutso kopakidwa utoto wosangalatsa, m'mimba mwake mulibe kanthu, ngati kuti kankanyamula mphepo.

Ndipo miyeso yoyambira ilipo. David Livingstone atafika ku Nkhotakota mu Seputembala 1863 anapeza munthu amene iye anamulemba kuti Juma ben Saidi akumanga chombo cholowa m'malo mwa china chimene chinasweka. Analemba kuti chinali cha mafiti 50 m'litali, 12 m'lifupi ndi 5 kuya kwake, matabwa ake a mtengo wotchedwa timbati, nthiti zake za msoro. Maina amenewa akumveka ngati mtumbati, umene ife timati mlombwa, ndi msolo wathu uja. Pa 1:24 chombo chimenecho chikhala cha mainchesi 25, chokwana bwino pathebulo, ndipo woona adzadzifunsa yekha kuti m'malo ochepa chotero munkalowa anthu angati, mwera utakalipa pakati pa nyanja. Zotsalazo, monga kaimidwe ka mlongoti ndi kadulidwe ka thanga, udzazitenga ku zombo za kugombe n'kulemba kuti wachita kufanizira.

Za msika ndinene mwachidule. Victory ndi Cutty Sark zili ndi mboni zokwanira: zombo zenizenizo zilipo, china ku Portsmouth, china ku Greenwich, ndipo amisiri a ku Curepipe ku Mauritius akhala akupanga tizombo ta ku Ulaya tambirimbiri kwa zaka zoposa 50. Ukalowa mpikisano umenewo udzakhala mmodzi mwa ambiri. Mtepe wosokedwa moona, kapena chombo cha ku Nkhotakota chokhala ndi mbiri yake pansi, ndi katundu amene wogula sangamupeze pa mphasa iliyonse ya pamsika. Sindikukulonjeza chuma, kachombo kamodzi kangakudyere miyezi, choncho mipando ndi zitseko usazisiye. Usadandaulenso kuti Nairobi ili kutali ndi nyanja. Mzindawo unabadwa mu 1899 ndi njanji yochokera kudoko la Mombasa, ndipo ku Nairobi Railway Museum kuli tizombo ta sitima zapamadzi timene ungaphunzirepo kamalizidwe ka ntchito yaukhondo.

Choncho ukapeza tchuthi, kwera sitima ya Madaraka Express upite ku Mombasa ndi tepi, pensulo ndi kope. Ukafika ku Fort Jesus upemphe chilolezo kwa oyang'anira, ukhale pansi pafupi ndi mtepe, uwerenge timabowo ndi masokedwe ake mosathamanga, ujambule mbali zonse. Ukakwanitsa kufika ku Lamu, ukapereke moni mwaulemu kwa mafundi, amisiri amene akumangabe majahazi pagombe, uwafunse dzina la thabwa lililonse ndipo ulembe monga momwe akutchulira. Kachombo koyamba kakatha, unditumizire chithunzi chake pamodzi ndi mawu amene walemba pansi pake. Upereke moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.